Mtsuko wa Chingwe Chofiira

Ana anga, Mphatso ndi Eliza, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinapumira pa ntchito kutangotsala miyezi isanu ndi iwiri yokha kuti nthawi yanga ikwane. Mwafunsanso chifukwa chimene sindidyera therere, chonsecho muli aang'ono ndinkachita kupukuta mbale yake ndi chala. Mayi anu akhala akukuuzani kuti ndi vuto la m'mimba. Si m'mimba ayi. Za ubwana wanga ndazisiya, mulibe chokuthandizani m'menemo. Ndiyambira pomwe ndinayambira ntchito, chifukwa mtsuko umene ndikufuna kukuuzaniwu ndinaupeza tsiku loyamba lomwelo.

Chaka choyamba pa ntchito

Ndinalembedwa ntchito pa kachipatala ka mishoni kumpoto kwa Boma la Mchinji, kutali ndi msewu wa tala. Dzina lake sinditchula, chifukwa cholakwa chinali changa, osati cha chipatala. Ntchito yanga inali yothandiza pawindo logawira mankhwala, ndipo bwana wanga anali a Jere, mkulu wamtali, wouma thupi, amene anagwirapo ntchito ndi masisitere achizungu asanabwerere kwawo. A Jere sankaseka ndi wantchito watsopano. Tsiku loyamba sanandipatse ngakhale mpando. Anandiimika kutsogolo kwa shelefu yapamwamba n'kundiuza kuti ndiyang'ane. Pamenepo panali mitsuko khumi ndi iwiri yadothi loyera, losalala ngati la makapu a tiyi aja mayi anu amatulutsira alendo okhaokha. Uliwonse unali ndi chivundikiro chake, mzere wagolide m'khosi, ndi zilembo zabuluu za Chilatini pamimba. Ine, mwana wa m'mudzi wodziwa mitsuko yotungira madzi basi, ndinaopa ngakhale kupumira pafupi.

"Iwe Mbewe," anatero a Jere, "mitsuko iyi ndi yakale kuposa bambo ako. Amalonda achimwenye a ku Limbe ndiwo ankaiitanitsa kunja pa sitima, n'kumayenda nayo m'mamishoni itakutidwa ndi udzu m'mabokosi. Masisitere anachita kuilimbirana ndi a mishoni ina. Ukaswa umodzi, usadikire kuti ndikuuze njira ya kwanu."

Zivundikiro zonse zinali zomangidwa ndi chingwe choyera kuti zisagwe, kupatula chimodzi. Mtsuko umenewo a Jere anautsitsa ndi manja awiri. Chingwe chake chinali chofiira, ndipo chinali ndi mfundo zitatu.

"Uwu ndiye usaukhudze. Muli aseniki, poizoni amene masisitere ankaphera chiswe ndi makoswe. Alibe fungo, ndipo ndi woyera ngati soda. Pang'ono pokha amagoneka banja lonse. Zilembozi usazikhulupirire, zam'kati tinasinthasintha kalekale. Khulupirira chingwe. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

"Bwereza."

Ndinabwereza katatu, iwo akundiyang'ana m'kamwa.

Zaka za kusowa

Patapita zaka zinayi kapena zisanu, zinthu zinayamba kusowa. Mankhwala ankabwera mwa apo ndi apo, timapepala tokulungira tinatha, tinkang'amba nyuzipepala zakale. M'magolosale namonso munali mbee, moti ngakhale soda wophikira therere sankapezeka. Amayi ankadulira phulusa kuti apeze chidulo, koma amene analawapo soda sankafunanso kubwerera ku phulusa. Ifeyo soda tinali naye, wothandizira odwala chilungulira, ndipo ankakhala mu umodzi mwa mitsuko yoyera ija. Sindikudziwa amene anayambitsa, koma chinasanduka chizolowezi. Mayi akalandira mankhwala a mwana, ankasendera pawindo n'kunong'ona, "Adokotala, kasoda pang'ono ka therere." Sitinali madokotala, koma dzinalo linkatikomera. A Jere, ndi kuuma mtima kwawo konse, ankatsitsa mtsuko, n'kutapa ndi supuni, n'kukulunga m'kanyuzipepala kwinaku akudandaula kuti chipatala chasanduka golosale. Mbiri inafala m'midzi yonse mpaka ku Boma ndi kuboda, m'malire a Zambia, kuti soda wa m'mtsuko woyera wa kuchipatala ndiye weniweni, therere lake limatuluka lofewa ndi lobiriwira. Ana obadwa nthawi imeneyo anakula akumva zimenezo kwa amayi awo.

A Jere atatsala pang'ono kupuma, tsiku lina tikutseka windo anandiuza kuti, "Ufa wa chingwe chofiira uja ndidzaukwirira ndekha ndisanachoke. Sindingakusiyire, ndiwe wopupuluma." Mwezi womwewo ine ananditumiza ku chipatala china cha mishoni yomweyo ku Dedza, komwe munabadwira inu, ndipo kumeneko ndinakhalako zaka khumi ndi zitatu. Uthenga wa maliro a a Jere unandipeza komweko. Sindinafunsepo munthu ngati ufa uja unakwiriridwa. A Jere akanena chinthu ankachita, ndiye ndinangoti zinatha.

Kubwerera ku Mchinji

Nditabwerera, windo linali langa tsopano. Mankhwala ankabwera m'makatoni ndi m'mabotolo apulasitiki, ndipo mitsuko ija anali ataiponya m'kachipinda kakumbuyo, pamodzi ndi mabedi othyoka ndi nyali zakufa. Utsi wa kukhitchini unkalowa m'menemo kudzera pansi pa denga, moti zingwe zonse zinasanduka zakuda mofanana. Nditasuzumira koyamba sindinaone chingwe chofiira, ndipo mumtima ndinathokoza a Jere. Bwana wanga anali Sisitere Bernadeta, namwino wamkulu, mayi wamfupi wolankhula motsitsa. Tonse tinkamuopa kuposa anthu okalipa, chifukwa sankaiwala kanthu. Iye za chingwe sankadziwa. Pa antchito onse, wodziwa tanthauzo lake ndinatsala ine ndekha, ndipo sindinaone chifukwa chouzira munthu nkhani yoti inatha kale.

Dzinja lomaliza

Chaka changa chomaliza, nyumba ino imene mukuidziwayi inali itafika pamutu koma yopanda denga. Mvula inayamba msanga, ndipo Loweruka lililonse ndikabwera kudzaiona ndinkapeza njerwa zikusungunuka. Ndi nthawi imeneyo pamene anatulukira a Sakala, wamalonda wa ku Chipata, wa kagalimoto kofiirira ndi nsapato zosongoka. Ntchito yawo inali kuyenda m'mamishoni ndi m'masitolo akale kugula zinthu zimene eni ake anaziiwala: mawotchi apakhoma, masikelo, mabelu. Anayamba apita kwa Sisitere. Sisitere anawayankha mawu amodzi okha, kuti katundu wa mpingo sagulitsidwa, n'kuwaperekeza pakhomo. Koma wamalonda sabwerera pakhomo limodzi. Anandipeza kuseri ndikutsuka matireyi.

"Mudala," anatero m'Chinyanja chawo cha kutsidya, "ivi vinthu vizangofwaika na makoswe muno. Ku Lusaka kuli bazungu bamene baikamo maluba. Namvela muli na nyumba ilibe mutenge. Nizamuletelani malata, imwe munipase mitsuko. Ndani azaziba?"

Ndinakana ndi pakamwa, koma nambala yawo ya foni ndinalandira. Ndinalimbana nazo sabata yathunthu. Ndinkadziuza kuti mitsukoyo palibe amene anaiyang'anapo zaka makumi awiri, kuti ndatumikira mishoni moyo wanga wonse, kuti si kuba koma kuchotsa zinyalala. Munthu ukafuna chinthu, zifukwa zimabwera zokha. Lachitatu lina Sisitere atapita ku Boma kukatenga mankhwala, ndinawaimbira a Sakala, ndipo anafika masana anzanga ali ku chakudya.

"Musavisuke, musavisegule," anandichenjeza. "Bakasitoma bafuna na fumbi yake, ndiye baziba ati ni vakale. Koma ntambo izi chosani, ziononga chithunzi."

Ndinatenga lumo n'kudula zingwe zonse khumi ndi ziwiri, mofulumira, maso ali kukhomo. Zivundikiro zinali zitamatirira ndi litsiro, sizinagwe. Mitsuko ina inkalemera, ina ayi, ndipo umodzi unali wobenthuka kukamwa. Tinaikulunga m'matumba a feteleza n'kuilowetsa m'galimoto. Mawa lake malata anafika kuno kumudzi pa ngolo, mayi anu n'kuimba nthungululu. Ndinawauza kuti ndi mphatso ya mishoni.

Lachisanu lake

Ndinalawirira kuntchito kuti ndikasese m'kachipinda muja, pasatsale chizindikiro. Pansi pa shelefu panali zingwe zija. Ndikuziwola, chala changa chinagunda chingwe cha mfundo zitatu. Ndinaima. Ndinapita nacho pawindo pali kuwala, n'kumasula mfundo imodzi ndi chikhadabo. Kunja chinali chakuda ngati zinzake, koma m'kati mwa mfundo, momwe utsi sunafike, munali mofiira. Ndinakhala pa bedi lothyoka. A Jere akanakwirira ufa uja, chingwe chofiira sakanachibwezerapo. Nthawi inali itangopitirira seveni koloko.

Ndinawaimbira a Sakala nthawi yomweyo.

"A Sakala, mitsuko ija muli nayo yonse?"

"Nili nayo, mudala. Umozi chabe, uja wobenthuka, ninasiya pa boda. Bakasitoma sibafuna vobenthuka."

"Munatsegulamo?"

"Baofisa ba kasitomu pa boda banasegulisa yonse. Mwina munalibe kanthu, mwina tumasamba touma. Uja wobenthuka ndiye unali na soda, pafupifupi hafu. Ninapasa ba Nangozo, bamene baphika vakudya pafupi na mathiraki. Banakondwela maningi."

"Si soda ameneyo! Ndi poizoni! Aimbireni msanga!"

Anati nambala ya mayiyo alibe, ndipo ali pa msewu wa ku Lusaka. Foni inaduka. Nditaimbanso, inali yozimitsa, ndipo a Sakala sindinawamvenso mpaka lero.

Apa ndiye pali nkhani yonse, ana anga, ndipo ndikupemphani muwerenge mosathamanga. Ambulansi inali panja, dalaivala analipo, Sisitere anali mu ofesi yake, masitepe makumi awiri kuchokera pomwe ndinakhala. Chofunika chinali kungogogoda n'kunena kuti ndinaba. Koma ndinaona apolisi akundimanga pamaso pa odwala. Ndinaona penshoni yanga ikupita, dzina langa likuwerengedwa kutchalitchi komwe ndinali mkulu wa bungwe, inu mukulozedwa zala kusukulu. Ndiye ndinadziuza kuti ndiweruka masana, ndikwera kabaza mwakachetechete, ndikautenga mtsukowo popanda wodziwa. Ndinadziuzanso kuti mwina mayiyo saphika therere Lachisanu. Ndinaika chingwe m'thumba, ndinavala gauni langa loyera, n'kukatsegula windo.

Sindinayambe ndachitapo mantha ngati m'mawa umenewo. Njinga yamoto iliyonse ikaima panja, ndinkati abwera nawo oyamba. Mwana akasanza pamzere, mtima unkandiphulika, chonsecho boda ili kutali ndipo wodwala wa kumeneko sakanabwera kwa ife. Ndinkawerenga mapiritsi n'kuiwala pomwe ndafika, n'kuyambiranso. Thukuta linkadontha pa timapepala. M'mutu mwanga munkangobwera a Jere akutsitsa mtsuko ndi manja awiri. Ndinagawa mankhwala choncho maola anayi, ndikumwetulira anthu.

Cha m'ma leveni panafika mayi wina wachikulire amene ankandidziwa kuyambira nthawi ya a Jere. Atalandira mankhwala ake a kuthamanga kwa magazi, anasendera pawindo n'kunong'ona moseka, "Adokotala, nanga kasoda kathu kaja ka m'mtsuko woyera munakasiyiranji? Wa m'golosaleyu ngwachabe. Uja ndikanamupeza lero, ndikanagawira mudzi wonse." Ndinamuyang'ana. Mpaka nthawi imeneyo ndinkaganiza za poto mmodzi. Ndinatseka windo anthu ali pamzere, n'kupita kwa Sisitere.

Ndinaika chingwe patebulo pake n'kufotokoza zonse nditaimirira. Sanandidule mawu, sanakweze mawu.

"Mwadziwa liti, a Mbewe?"

"M'mawa, Sisitere."

"M'mawa nthawi yanji?"

"Cha m'ma seveni."

Anayang'ana wotchi yake, kenako anandiyang'ana ine. Anatuluka n'kuitana dalaivala.

Kuboda

Msewu wafumbi unali matope okhaokha, koma tinafika pa tala ku Boma, n'kukhotera kuboda, ndipo ulendo wonse unatitengera ola limodzi ndi theka. Tinadutsa mzere wa mathiraki ndi anyamata osintha ndalama, mpaka tinapeza kanyumba ka malata ka a Nangozo, madalaivala atakhala pamabenchi akudya. Ndinayang'ana m'mbale zawo ndisanapereke moni. Munali nyemba ndi nkhuku. Pashelefu, pakati pa mabotolo a mafuta, panali mtsuko uja, wotsukidwa bwino, zilembo zake zabuluu zikuwala. Anali ataikamo masupuni.

"Mayi, ufa umene unali m'menemu uli kuti?" anafunsa Sisitere.

"Soda uja? Ndinamuthira m'timapepala tapulasitiki. Wanga ndi uyu, sindinamuyambe, therere silinabwere dzulo." Anaseka. "Mwabwera kudzalanda, Asisitere? Mayi anga ankamutama soda wa kuchipatala ameneyu. Chinthu chotere sungadye wekha, ndagawirako anzanga."

"Angati?"

"Anayi."

Sisitere atawauza chimene chinali m'timapepalamo, a Nangozo anakhala pansi pa dothi n'kugwira kumutu. Anzawo atatu ankagulitsa mumsika momwemo, koma kuwafuna mmodzimmodzi kukanatenga nthawi. Panali bambo wina wogulitsa mankhwala a nsikidzi ndi chimkuzamawu cham'manja. Sisitere anachibwereka n'kundipatsa ine.

"Kwerani pa benchi, a Mbewe. Nenani dzina lanu ndi komwe mumagwira ntchito, apo ayi sakukhulupirirani."

Ndinakwera, ndili m'gauni langa loyera. Ndinanena kuti ndine Mbewe wa pawindo la mankhwala, kuti ndinaba mtsuko wa chipatala n'kugulitsa, kuti ufa woyera umene unali m'menemo si soda koma poizoni, ndipo aliyense amene walandirako asaphikire, asalawe, abwere nawo. Ndinabwereza mpaka mawu anasasa. Anthu anaunjikana. Ena ankajambula ndi mafoni, ena ankakuwa kuti wakuba, dalaivala wina anandigenda ndi fupa la nkhuku. Chodabwitsa n'chakuti zonse zimene ndinkaziopa m'mawa uja zinali zikuchitika, koma sindinkazimva n'komwe. Maso anga anali pa manja a amayi, kuona ngati wina wanyamula kapepala.

Woyamba anabwera akuthamanga, kapepala kali kosamasula. Wachiwiri anatuma mlamu wake kukatenga kunyumba. Wachitatu tinachita kumulondola kuseri kwa msika. Tinamupeza atadula kale therere, madzi ali pa mbaula, kapepala kali kotsegula pambali pa mchere, ana awiri atakhala pamphasa kudikira. Sisitere anakatola ndi mpango, n'kumuuza mayiyo kuti asambe m'manja ndi sopo katatu ndipo ataye zonse zimene zinali pamenepo.

Timapepala tinayi tinali m'manja mwathu. Kachisanu a Nangozo anati anapatsa mayi wina wa ku Zambia, wogula mtedza, amene ankadya pamalo pawo akabwera. Dzina lake lenileni sankalidziwa, onse ankangomutchula amake Juniyo. Kwawo ena ankati ndi ku Katete, ena ku Petauke.

"Ali kuti pano?" anafunsa Sisitere.

"Apita. Anapeza thiraki yowatenga ndi matumba awo. Anabwera kudzanditsanzika, kapepala kali kumpango."

"Nthawi yanji?"

"Yawoloka cha m'ma teni."

Sisitere sanandiyang'ane, ndipo panalibe chifukwa choti andiyang'anire.

Zitatha izi

Tinakanena kupolisi ya paboda, iwo anadziwitsa anzawo a ku Mwami, mbali ya Zambia, uthenga unapita m'zipatala za kutsidya ndi pa wailesi ya kumeneko. Thirakiyo inapezeka patapita masiku awiri, koma dalaivala anati mayiyo anatsikira panjira n'kukwera basi ina. Sitinamve za banja lililonse limene linafa, komanso sitinamve kuti kapepalako kanapezeka. Amake Juniyo sanabwerenso kudzagula mtedza. A Nangozo amati mwina anangosintha msika. Mwinadi.

Apolisi analemba mawu anga, koma a mishoni sanafune kuti nkhani ipite kukhoti. Anandiuza kuti ndipume nthawi yomweyo, ndipo penshoni imene ndinkaiopera ija anandipatsa. Ndinapempha Sisitere kuti atume ngolo idzatenge malata, akhale a chipatala. Anakana.

"Folererani nyumba yanu, a Mbewe," anatero motsitsa. "Muziwamva mvula ikamagwa."

Ndi malata omwewa amene mumagona pansi pake mukabwera pa Khirisimasi. Mayi anu ndinawauza zoona tsiku lomwe ndinachoka pa ntchito, ndipo nkhani ya m'mimba anaipeka okha pofuna kukutetezani. Musawaimbe mlandu.

Za kuba sindikupemphani kuti mundikhululukire, zimenezo ndinalapa ndipo zinatha. Chimene sichitha ndi china. Ndinadziwa seveni koloko, ulendo unali wa ola limodzi ndi theka, thiraki inawoloka teni koloko. Ndawerengetsa zimenezi kambirimbiri ndipo yankho silisintha. Ndikanagogoda pa ofesi ija nthawi yomweyo, ndikanawapeza amake Juniyo atakhala pa matumba awo a mtedza. Soda sawola, ana anga, ndipo aseniki sawolanso. Mayi wosamala amatha kusunga kapepala kotero m'chitini zaka zambiri, kudikira tsiku la alendo. N'chifukwa chake nyengo ya mtedza ikafika ndimakwera minibasi kupita kuboda, inu n'kumati bambo amakonda kuyendayenda. Ndimakakhala pa benchi ya a Nangozo mpaka dzuwa litapendeka, ndipo mayi aliyense wa kutsidya akatsika ndi matumba, ndimamufunsa ngati ali ndi mwana dzina lake Juniyo.